Wantchito wa maiko awiri akalire kwa yani?

Mtsinje wa Songwe ndiwo malire a dziko lino ndi Tanzania, koma ndi malire osakhazikika. Mvula ikagwa yambiri kumapiri a Chitipa ndi Ileje, madzi amasefukira m'chigwa cha kumunsi, mtsinje n'kusiya njira yake yakale n'kudzitsegulira ina. Munthu amene dzulo munda wake wa mpunga udali ku Karonga amadzuka uli tsidya la Kyela. Vutoli ndi lakale, chifukwa Angerezi ndi Majeremani pogawana dera lino mu 1890 adaloza mtsinje kuti ndiwo malire, osaganizako kuti mtsinje umasamuka.

Pofuna kuthana ndi vutoli komanso kupindula ndi madziwo, maboma a Malawi ndi Tanzania adasainirana pangano mu 2017 lokhazikitsa komishoni imodzi yoyang'anira chigwa cha Songwe. Komishoniyo idatsegulidwa mu 2019 ndipo ofesi yake idaikidwa ku Kyela, tsidya la Tanzania. Pamwamba pake pali khonsolo ya nduna za maiko awiriwa, pansi pa ndunazo pali komiti ya akuluakulu a m'maunduna, kenako ofesi ya ogwira ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ntchito yaikulu yomwe adaisenzetsa ndi ya damu lomwe akuti lidzapereka magetsi okwana mamegawati 180 oti maiko awiriwa agawane, ndi kuthirira minda ya mahekitala pafupifupi 6,000.

Za damu ndi magetsi zalembedwa kale kambirimbiri, ndipo nduna zikakumana zimajambulitsa zitagwirana chanza. Ine lero ndikufuna tikambe za munthu amene sawoneka pa chithunzipo: injiniya, akauntanti, kalaliki, dalaivala ndi mlonda amene amalembedwa ntchito ndi bungwe la maiko awiri. Kodi munthu ameneyu bwana wake weniweni ndani? Akachotsedwa ntchito popanda chifukwa akadandaule kukhoti liti? Maiko awiriwo akayambana, penshoni yake ikhala m'manja mwa yani? Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mbiri ya dera lino ikusonyeza kuti wantchito wa maboma awiri ndiye amavumbwa msanga.

Mwina wina ali pa Limbe kapena mu Bwalo la Njobvu akuti, "Nanga ife a geni zikutikhudza bwanji za anthu olandira madola?" Zikukukhudzani, abale anga. Mabungwe a mtundu umenewu achuluka. Kuli komishoni ya mtsinje wa Zambezi ya maiko 8, yomwe pangano lake lidasainidwa ku Kasane mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Harare. Mu Lilongwe momwemu muli komishoni ya COMESA yoona za mpikisano pa malonda, yomwe idayamba ntchito mu 2013. Mabungwe amenewa amagula mapepala, mafuta, matayala ndi zakudya kwa amalonda ngati inu, ndipo mawa akhoza kukhala ndi ngongole yanu. Ndipo inu ophunzira a ku MUBAS, Mzuni ndi ku Bunda, ntchito zomwe mumazilakalaka mukaziona m'nyuzipepala ndi zomwezi.

Tiyambe ndi mbali yabwino. Mabungwe a maiko angapo kawirikawiri amapatsidwa chitetezo cha mtundu wina. Polisi ya dziko lomwe muli ofesi singalowe n'kulanda mafailo, khoti la dzikolo silingagwire katundu wa bungwelo, ndipo wantchito sangamangidwe chifukwa cha zomwe wanena kapena kulemba pogwira ntchito yake. Mchitidwe umenewu udakhazikika kwambiri ndi pangano la United Nations la 1946, ndipo kuno kwathu kuli lamulo lake lomwe limapatsa nduna mphamvu yoteteza mabungwe otere. Chitetezochi n'chosiyana ndi cha akazembe cha pangano la ku Vienna la 1961. Kazembe amatetezedwa pafupifupi pa zonse, pamene wantchito wamba wa bungwe amatetezedwa pa za ntchito yake basi. Akamenya munthu ku bawa, ameneyo ndi mlandu wake.

Ambirife tikaona galimoto ya manambala achilendo ikudutsa pa rodibuloko osaimitsidwa timapsa mtima, ndipo sindikukutsutsani. Koma taonani zomwe zidachitika ku Kariba mu November 2022. Damu la Kariba limayendetsedwa ndi Zambezi River Authority, bungwe la Zambia ndi Zimbabwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987, likulu lake ku Lusaka. Ntchito yake ina ndi kugawira makampani a magetsi a maiko awiriwo madzi oti agwiritse ntchito pachaka. Chaka chimenecho madzi adatsika kwambiri, ndipo kampani ya ku Zimbabwe idali itamaliza kale gawo lake. Mkulu wa bungwelo, yemwe adali mzika ya Zimbabwe, adalembera kampani ya kwao komweko kalata yoti isiye kupanga magetsi mpaka January, uku abale ake ku Harare akugona mumdima.

Ndikufunseni: kalata yotere angailembe munthu amene akudziwa kuti mawa nduna ya kwao ikhoza kumutumizira apolisi kapena kumuchotsa pafoni? Ayi ndithu. Munthu wotere amayeza madzi ndi diso limodzi, lina lili kwa bwana. Tsono chitetezo chimenechi sichidapangidwe kuti mabwana azidutsa pa rodibuloko mwaulemu. Chidapangidwa kuti amene wagwira chingwe choyezera madzi anene zomwe chingwe chikusonyeza, ngakhale zikhumudwitse dziko lomwe lidamupatsa pasipoti.

Kariba yemweyo ali ndi phunziro lina. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu December 1963, damulo lidaperekedwa m'manja mwa bungwe la maiko awiri lotchedwa Central African Power Corporation. Mu November 1965 Ian Smith adagalukira Britain, mu January 1973 adatseka malire ndi Zambia, ndipo maiko awiriwo adali adani enieni. Makina opangira magetsi nthawi imeneyo adali tsidya la Smith, pamene migodi ya kopa yodalira magetsiwo idali tsidya la Kenneth Kaunda. Komabe magetsi sadasiye kuoloka mtsinje. Andale ankatukwanizana pawailesi, mainjiniya n'kumapitiriza ntchito.

Musaganize kuti ife ndi a Tanzania sitingafike poyambana. Mkangano wa malire a panyanja udabukanso mu 2012 boma lathu litapereka chilolezo chofufuza mafuta, ndipo amkhalapakati Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae sadauthetse. Mu December 2016 nzika 8 za Tanzania zidamangidwa ku Karonga zikufuna kukaona mgodi wa Kayelekera, mphekesera n'kumveka kuti ndi akazitape, ndipo zidakhala m'manja mwa boma miyezi ingapo. Mu April 2025 Tanzania idatseka chipata kwa mbewu zochokera ku Malawi pobwezera chiletso chomwe boma lathu lidaika pa katundu wina wolowa. Zidatha m'masiku ochepa, koma inu amene katundu wanu adaima pa Songwe ndi Kasumulu simudaiwale. Tsiku ngati limenelo, Mmalawi wogwira ntchito ku Kyela, kapena Mtanzania woyenda ndi kamera ndi mapu m'mbali mwa mtsinje ku Chitipa, amafunika chishango. Pamenepo ine ndilibe mkangano.

Mkangano wanga uli pa mbali ina ya chishangocho. Chitetezo chomwe chimaletsa boma kulowerera bungwe ndi chomwechonso chimaletsa wantchito kulisumira bungwelo. Khoti likauzidwa kuti lilibe mphamvu pa bungwe limeneli, silisankha kuti wabwera ndi nduna yofuna kulanda mafailo kapena ndi mayi wosesa amene sadalandire malipiro a miyezi itatu. Chitseko chimatsekeka kwa onse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taganizani zomwe Mmalawi wogwira ntchito pa golosale ali nazo. Ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko lino a 1994 imamupatsa ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, ndime 41 imamupatsa ufulu wopita kukhoti. Lamulo la 1996 lidakhazikitsa khoti la nkhani za apantchito, lomwe limakhala ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Lamulo la za ntchito la 2000 limati bwana sangachotse munthu popanda chifukwa chomveka ndiponso asanamve mbali yake. Lamulo la penshoni la 2011 lidakakamiza bwana kusonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Inde, milandu imachedwa, ena amamwalira chigamulo chisanatuluke, koma chitseko chilipo ndipo munthu amadziwa pokagogoda. Ku Tanzania nakonso kuli bungwe lomva madandaulo a apantchito lomwe lidabwera ndi malamulo a 2004. Wantchito wa bungwe lotetezedwa akhoza kupezeka kuti zitseko zonse ziwirizi si zake.

Amene adalemba pangano la 1946 ankalidziwa vutoli. N'chifukwa chake m'pangano lomwelo adaikamo ndime 29, yoti bungwelo liyenera kukonza njira ina yothetsera mikangano ndi anthu omwe sangalisumire kukhoti wamba. Adaikamonso kuti mlembi wamkulu ali ndi udindo wochotsera wantchito chitetezo ngati chikutchinga chilungamo. Kunena kwina, chishango ndi bwalo lomvera madandaulo zidabadwa tsiku limodzi, ndipo wotenga chimodzi n'kusiya chinzake waba.

Makhoti a ku Ulaya adafikanso pomwepo. Mu 1999 khoti la ufulu wachibadwidwe la ku Strasbourg lidamva dandaulo la amuna awiri omwe adagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe la maiko a ku Ulaya loona za mlengalenga, ku Darmstadt m'dziko la Germany, koma atalembedwa kudzera m'makampani ena. Makhoti a ku Germany adawakana ponena kuti bungwelo n'lotetezedwa. Khoti la ku Strasbourg lidavomereza chitetezocho, koma lidati chofunika kuyang'ana n'chakuti kodi anthuwo adali ndi njira ina yomveka yopezera chilungamo. Patatha zaka 10, mu December 2009, khoti lalikulu la ku Belgium lidakana chitetezo cha bungwe lina la maiko, Western European Union, pa mlandu wa mayi wina wochotsedwa ntchito, litaona kuti komiti yomva madandaulo m'bungwemo sidali yoima payokha. Mfundo yake ndi yapafupi: ukafuna kuti khoti la dziko lisakukhudze, sonyeza khoti lina lenileni, osati komiti ya anzake a bwana.

Nanga kuno kummwera kwa Africa tidachita bwanji? Apa ndiye pali nkhani yochititsa manyazi. Bungwe la SADC lidali ndi khoti lake ku Windhoek, lomwe majaji ake adalumbirira mu November 2005. Amalawi adali m'katikati mwake: Isaac Mtambo adali mmodzi wa majaji, Charles Mkandawire adali mlembi wa khotilo. Imodzi mwa ntchito zake idali kumva mikangano ya pakati pa SADC ndi antchito ake, ndipo pa milandu yotere lidali khoti lokhalo lololedwa. Mlandu woyamba weniweni kufika kumeneko mu 2007 udali wa Mmalawi amene adalonjezedwa ntchito ku likulu la SADC kenako n'kuuzidwa kuti asabwerenso. Sadapambane, koma adamvedwa, majaji n'kulemba zifukwa zao poyera. Chilungamo chimayambira pamenepo.

Kenako kudabwera mlandu wa Mike Campbell ndi alimi anzake achizungu omwe minda yao idalandidwa ku Zimbabwe. Mu November 2008 khotilo lidagamula mokomera alimiwo. Boma la Robert Mugabe lidakana kumvera. M'malo mokakamiza Zimbabwe kulemekeza chigamulo, atsogoleri a SADC atakumana ku Windhoek mu August 2010 adaimitsa khotilo. Ku Maputo mu 2012 adagwirizana kuti khoti lamtsogolo lizidzamva milandu ya pakati pa maboma okhaokha, ndipo ku Victoria Falls mu 2014 adasaina pangano latsopano lotsekera kunja munthu wamba. Malawi adali membala pa nthawi zonse zitatuzi, pansi pa maboma atatu osiyana: la Bingu wa Mutharika, la Joyce Banda ndi la Peter Mutharika.

Za minda ya ku Zimbabwe aliyense ali ndi maganizo ake, ndipo sindikuziweruza pano. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti kalaliki wa ku Gaborone, yemwe sadalandepo munda wa munthu kapena kulandidwa, adadzuka m'mawa wina khoti lake lokhalo litatsekedwa pa mlandu wa eni ake. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Padatenga mpaka 2015 kuti atsogoleri avomereze khoti lina la antchito a SADC, ndipo majaji ake adalumbira mu 2017. Zaka pafupifupi 7 munthu wochotsedwa ntchito adalibe kolowera. Mu December 2018 khoti loona za malamulo aakulu ku South Africa lidagamula kuti Jacob Zuma adaphwanya malamulo a dziko lake potenga nawo mbali pa kupha khoti la ku Windhoek. Koma madzi akatayika saoleka.

Phunziro lake pa Songwe ndi ili: khoti lomwe lingatsekedwe ndi anthu omwewo amene likuwaweruza si khoti, ndi chisomo chabe. Komanso komishoni ya Songwe idabadwa pa pangano la maiko awiri okha, choncho ndi Lilongwe ndi Dodoma amene ali ndi udindo wonena momveka kuti wantchito wake akadandaule kuti. Palibe wina angawachitire.

Tibwere ku ndalama, poti njala siidziwa pangano. Amalonda ambiri a kuno adakwerapo sitima ya TAZARA pa Mbeya. Njanji imeneyi, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, idamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo eni ake ndi Tanzania ndi Zambia mofanana. M'zaka za 2013 mpaka 2015 antchito ake adanyanyala ntchito kangapo chifukwa chosalandira malipiro kwa miyezi ingapo, ndipo opuma pantchito adavutika kupeza ndalama zao. Antchito a TAZARA vuto lao lidali lina: mwini chinthu akakhala awiri, aliyense amayembekeza kuti mnzake ndiye ayambe kupisa m'thumba. Sitima ikaima, katundu wa wamalonda amaimanso.

Nkhani yowawa koposa ndi ya East African Community yoyamba, mgwirizano wa Kenya, Tanzania ndi Uganda womwe udali ndi njanji, madoko, ndege ndi positi zapamodzi. Udagwa mu 1977. Kugawana katundu ndi ngongole kudatenga zaka 7, mpaka pangano la 1984, lomwe lidapatsa dziko lililonse udindo wolipira nzika zake zomwe zinkagwira ntchito mu mgwirizanowo. Ku Tanzania boma lidadzavomera kulipira mu 2005, patatha zaka 28, ndipo ngakhale pambuyo pake nkhalamba zinkaonekabe m'misewu ya Dar es Salaam zikudandaula kuti zapatsidwa zoperewera. Ku Kenya anthu 749 adatengera nkhani yao ku khoti la mgwirizano watsopano ku Arusha, koma mu 2012 adauzidwa kuti khotilo silingaweruze zinthu zomwe zidachitika pangano lake lisanabadwe. Amati mlandu suola, koma mwini mlandu amakalamba ndipo amafa. Ife amene tili ndi agogo omwe akhala akulembetsa maina zaka ndi zaka podikira ndalama za ku Theba tikuidziwa bwino nkhani yotere.

Ena anena kuti ndikulirira anthu okhuta. Zoona, akuluakulu a mabungwe amenewa amalandira bwino, ena salipira msonkho, ndipo akachotsedwa amakhala ndi ndalama zolembera loya. Koma bungwe si mabwana okhaokha. Pansi pao pali madalaivala, alonda, osesa ndi owerenga mlingo wa madzi kumidzi, olembedwa pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena kudzera m'kampani ina. Iwowa sapeza zokoma za chitetezo, sadutsa pa rodibuloko mwaulemu, koma akafuna kusumira bungwe chishango chimawatchinga chimodzimodzi. Ndipo damu likadzayamba kumangidwa, anthu otere adzakhala mazanamazana. Pomanga Kariba pakati pa 1955 ndi 1959 anthu oposa 80 adafera pantchito. Walira mvula walira matope: wofuna damu akonzekeretu za ovulala ndi amasiye.

Ena anena kuti komishoni yaing'ono ngati ya Songwe singakwanitse kukhala ndi khoti lakelake. Ndikuvomera, ndipo sindikupempha nyumba ya nsanjika ndi majaji a mawigi. Njira zotsika mtengo zilipo. Ku Geneva kuli khoti la bungwe la ILO lomwe limamva madandaulo a antchito a mabungwe a maiko oposa 50 omwe adavomera kukhala pansi pake. Maiko awiriwa akhozanso kupempha kuti khoti la antchito a SADC liziwamvera milandu. Kapenanso akhoza kusankha majaji atatu, mmodzi wa kuno, mmodzi wa ku Tanzania, wachitatu wa dziko lina, oti azikumana pokhapokha pakakhala mlandu. Ndalama yake singafike ya msonkhano umodzi wa nduna ku hotela ya kunyanja, maalawansi ake tikawerengera.

Enanso, makamaka a m'boma, anena kuti zimenezi n'zochepetsa ufulu wa dziko wodzilamulira. Koma ufulu umenewo mudaugawa kale tsiku lomwe mudasaina pangano. Simungauze dziko kuti bungwe ili lili pamwamba pa makhoti athu pa nkhani ya mafailo ndi misonkho, kenako n'kukumbuka ufulu wodzilamulira tsiku lomwe mlonda wapempha pokadandaula.

Tsono ine ndikupempha zinthu zisanu, ndipo zonse ndi zoti zikhoza kuchitika simenti isanagulidwe.

Choyamba, pangano la 2017, mgwirizano wa komishoni ndi dziko lomwe muli ofesi, ndi malamulo a antchito ziikidwe poyera, zimasuliridwe m'Chichewa, Chitumbuka, Kyangonde ndi Chiswahili. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, tiligwiritse ntchito. Munthu asamasaine kontirakiti asakudziwa kuti wasiya ufulu uti pakhomo.

Chachiwiri, bwalo lomva madandaulo litchulidwe dzina, ndipo likhale loti khonsolo ya nduna singalitseke kapena kuchotsa oweruza ake pakati pa mlandu. Pa tsiku lomwe bwalolo silikugwira ntchito, chitetezo chigwe chokha ndipo makhoti a maiko awiriwa atsegukire wodandaula. Zikadakhala choncho mu SADC, atsogoleri akadaganiza kawiri mu 2010.

Chachitatu, antchito apansi olembedwa m'deralo, kuphatikizapo a makampani omanga, akhale pansi pa malamulo a zantchito a dziko lomwe akugwirako, popanda chishango chilichonse chowatchinga. Dalaivala wa ku Karonga asauzidwe kuti akasume ku Geneva. Wamalonda woperekera katundu nayenso auzidwe m'kontirakiti mwake kuti ngongole ikavuta apite kuti.

Chachinayi, ndalama za penshoni zisungidwe kunja kwa thumba la komishoni ndi kunja kwa thumba la maboma, m'dzina la wantchito aliyense. Ndipo zilembedwe lero, maiko adakali pa ubwenzi, kuti bungweli likadzatha ndani adzalipire ndani, ndiponso pasanathe miyezi ingati. Za chisudzulo zimakambidwa bwino ankhoswe akadali kuseka. Damu likadzayamba kupanga magetsi, komishoni izidzapeza gawo lake kuchokera ku malonda a madzi kapena magetsiwo, monga momwe bungwe la ku Kariba limalipiritsira makampani a magetsi, kuti isamadikire bajeti ya maboma omwe nthawi zonse amati ndalama zakunja zasowa.

Chachisanu, maudindo agawidwe mwachilungamo pakati pa maiko awiriwa, koma munthu alowe ndi mayeso ndi mapepala ake, osati ndi kalata ya chipani. Kugawana maudindo si kwachilendo: ku Kariba likulu lili ku Zambia mkulu n'kumachokera ku Zimbabwe, ku TAZARA likulu lili ku Tanzania mkulu n'kumachokera ku Zambia. Choopsa n'chakuti gawo la dziko lisanduke gawo la nduna. Wolowa ndi kalata ya nduna amatuluka ndi nduna yomweyo, ndipo pa nthawi yonse yomwe ali pampando sangalembe kalata ngati ija ya 2022. Malipoti a owerengera ndalama za komishoni nawonso azifika ku Nyumba ya Malamulo ya dziko lililonse chaka ndi chaka, chifukwa bungwe lomwe khoti silingalikhudze, aphungu n'kusalifunsanso, latsala ndi Mulungu yekha womuopa.

Pali chifukwa china chomwe anthu a m'mbali mwa Songwe ayenera kutsatira nkhaniyi. Pomanga Kariba, Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'chigwa chao, ndipo zidzukulu zao zikudandaulabe mpaka lero. Damu la Songwe nalonso lidzakhudza minda ndi midzi ya anthu. Amene adzayeze minda imeneyo, kulemba maina a oyenera chipukutamisozi ndi kusunga mabuku a ndalama ndi antchito omwewa. Wantchito wamantha, woti akhoza kuchotsedwa mawa popanda womumvera, akauzidwa kuti achotse dzina la mayi wamasiye n'kuikapo la mlamu wa bwana, adzachotsa. Akaona ndalama zikusowa adzayang'ana kumbali. Ife a dziko lomwe lidaona Cashgate mu 2013 tisamachite ngati sitidziwa kuti kuba kumakula pomwe apansi akuopa kuyankhula.

Choncho aphungu a ku Karonga ndi Chitipa, nkhani ndi imeneyi. Nduna ikadzaimanso m'Nyumba ya Malamulo kunena za mamegawati 180, muifunse kuti mlonda wa pa ofesi ya komishoni akachotsedwa popanda chifukwa apite kukhoti liti, ndipo iyankhe potchula ndime. A mabungwe a apantchito, musadikire kuti anthu ayambe avutika ndiye mudzatulutse chikalata chodzudzula. Inu amalonda, musanapereke katundu pangongole ku bungwe lililonse la maiko, funsani kuti mukasemphana mudzakumana kuti.

Ndipo inu ophunzira, tsiku lomwe mudzaitanidwe ku intavyu ya ntchito ya madola, mudzasangalale, n'zoyenera. Koma musanasaine, mudzatsegule tsamba lakumapeto kwa kontirakiti, pomwe pamalembedwa za mikangano, mudzawerenge mofatsa. Mukadzapeza kuti palibe dzina la bwalo lililonse, mudzafunse. Safunsa adadya phula.